Tsiku limene njovu inamasula lilime la ana a ku Lizulu

Ku Lizulu mwezi wa June sucheza. Tambala wachiwiri akamalira, chisanu chimakhala chitagwira msewu wonse wa M1, nkhungu itaphimba mashedi a pamsika, ndipo wodzuka nthawi imeneyo ndi yekhayo amene ali ndi chomudzutsa: dalaivala wa lole amene akudikira matumba a kachewere, mayi amene akuthamangira malo abwino oyalapo tomato ndi kabichi, kapena mnyamata wa ngolo. M'mawa umene ndikunenawu panali enanso. Ana a Sitandade 7 a pasukulu ina ya pulayimale ya m'derali anaunjikana m'mbali mwa msewu, manja ali m'khwapa, mano akuombana, aliyense atagwira kajumbo ka kamba wa paulendo. Ena anali atafunda zitenje za amayi awo pamwamba pa yunifolomu. Basi ya hayala inachedwa ndi ola lathunthu, koma panalibe wodandaula. Ambiri mwa iwo chibadwire anali asanapitirirepo boma la Ntcheu kapena la Dedza, ndipo tsikuli amapita ku Liwonde kukaona nyama.

Ine ndinakwera nawo monga mmodzi mwa operekeza, pamodzi ndi aphunzitsi awiri, mayi wina wa m'komiti ya sukulu, ndi agogo ena aamuna amene makolo anawasankha kuti akhale maso awo paulendowo. Basi isananyamuke, aphunzitsi a Chingerezi anaimirira pakhomo n'kupereka lamulo la tsikulo. Aliyense akhale ndi kope ndi pensulo m'manja. Chilichonse chimene aone n'kumuchititsa chidwi, achinene m'Chingerezi, kaya molondola kaya molakwitsa, ndipo woseka mnzake asapezeke. Pobwerera aliyense akhale atalemba mawu khumi atsopano ndi funso limodzi limene wafunsa ndi pakamwa pake kwa a gemu. Anawo anavomera pamodzi monga amachitira m'kalasi, kenaka m'basi munangoti zii. Kuchokera pa Lizulu mpaka kudutsa pa Mlangeni, palibe amene anatsegula pakamwa.

Kukhala chete kumeneku kumandiwawa, chifukwa mwana wa ku Lizulu si wosowa chonena. Kamuoneni Loweruka pamsika, ataima kuseri kwa milu ya anyezi ya amayi ake, basi ya ku Blantyre itangoima. Amathamangira pawindo, kutchula mtengo, kunenerera, kuwerenga chenji, kuseketsa wogula mpaka atenge ndowa ziwiri m'malo mwa imodzi. Lilime lake ndi lumo. Mwana yemweyo Lolemba m'kalasi, akamufunsa funso m'Chingerezi, amazolika n'kumatokosa pansi ndi chala. Mutu ndi womwe uja, nzeru ndi zomwe zija. Chasintha ndi chiyankhulo, ndi mantha amene chimabwera nawo.

Komatu kwawoko ziyankhulo zimagona nyumba imodzi. Pa Lizulu msewu wa M1 umayenda m'malire enieni a dziko. Ukamalowera ku Ntcheu, dzanja lamanzere ndi Malawi, dzanja lamanja ndi Mozambique, chigawo cha Tete, kumene kuli maboma a Angónia ndi Tsangano. Munthu amangowoloka msewu kukagula sopo, n'kukhala kuti waponda dziko lina. Mbali inayo ana amaphunzira m'Chipwitikizi, koma akafika pamsika amatsatsa malonda m'Chichewa chomwechi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itafika povuta, anthu oposa 1 miliyoni anathawira kuno, ndipo Ntcheu ndi Dedza anali ena mwa maboma amene analandira ambiri. Mtendere utabwera mu 1992 ochuluka anabwerera kwawo, koma maukwati ndi zibale zinatsala. Ngakhale Chichewa chathu chinamwa kalekale madzi a Chipwitikizi. Mbatata, nsapato, chipewa, kalata, kapitawo, onsewa ndi mawu amene makolo athu anatola kwa Apwitikizi n'kuwasula kuti akwane m'kamwa mwathu.

Lizulu ndi likulunso la Angoni a kwa Maseko. Kuno ndi kumene kuli Nkosini, kwa Inkosi ya Makosi Gomani, ndipo akuluakulu amati dzina la malowa linachokera ku mawu akuti Lizwe la Zulu, dziko la Azulu. Makolo a Angoniwa anachoka kummwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1800, nayendayenda mpaka anakakhazikika ku phiri la Domwe, mbali ya ku Mozambique. Gomani woyamba anaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896, ndipo Gomani wachiwiri, Philip, anachotsedwa pampando mu 1953 chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mbiri imeneyi anthu amainyadira, ndipo chaka ndi chaka amasonkhana ku Nkolimbo pa Umhlangano kukavina ngoma, atavala zikopa, zishango zili m'manja. Koma Chingoni choyankhula pakhomo chinazilala kalekale. Chatsalira m'nyimbo za ngoma, m'mawu otamanda mafumu ndi m'ziwongo.

Pamwamba pa zonsezi pali Chingerezi, chimene mwana sachimva kunyumba, sachimva kudimba, sachimva pamsika, koma ndicho chimagamula ngati apitirire ndi sukulu kapena ayi. Kale ana ankaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, n'kusinthira ku Chingerezi mu Sitandade 5. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti zimenezi ziyambire Sitandade 1. Mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa, ndipo amene wagwa Chingerezi pa mayeso a Fomu 4 salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwanji masamu ndi sayansi. Koma chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi athu ndi osefukira. Mphunzitsi amanena chiganizo, kalasi yonse imabwereza ngati kwaya, ndipo mwana angathe kutha teremu yathunthu osanenapo chiganizo chochokera mumtima mwake. Ambiri a ife tinakulira m'masukulu momwe wogwidwa akuyankhula Chichewa ankapatsidwa chibalo, kukumba dzenje la zinyalala kapena kutchetcha bwalo. Chibalocho sichinaphunzitse munthu Chingerezi. Chinatiphunzitsa kutseka pakamwa.

Kutsika kumapiri

Basi itadutsa boma la Ntcheu, dziko linayamba kutsetsereka ndipo mphepo inasintha. Pofika pa Chingeni, pamene tinasiya M1 n'kukhotera ku Balaka, zitenje zinali zitapindidwa, majuzi atavulidwa. Minda ya kachewere inatsala m'mbuyo, kutsogolo kuli dziko louma la milambe. Woyamba kumasuka anali mnyamata wina wa kumpando wakumbuyo, amene anayamba kuwerenga mokweza zikwangwani za m'mbali mwa msewu, mayina a magolosale, a malo owotcherera zitsulo, a matchalitchi. Anzake anamutsatira, ndipo unasanduka mpikisano wa amene amalize kuwerenga chikwangwani basi isanachidutse. Aphunzitsi sanawaletse, ndipo sanawakonze katchulidwe. Anangoloza mlambe waukulu umene unaima pakati pa munda n'kufunsa dzina lake m'Chingerezi. Poona kuti palibe akudziwa, anawauza kuti ndi baobab. Mawu oyamba analowa m'makope, ndipo analowa mtengo wake uli pamaso.

Pa Liwonde tinawoloka Shire pa Kamuzu Barrage. Kwa mwana wozolowera timitsinje ta kumapiri tongodumpha ndi mwendo, madzi amenewa ndi malodza. Onse anakhamukira kumawindo. Aphunzitsi enawo anapezerapo mwayi wokumbutsa kuti uwu ndi mtsinje wokhawo umene umatulutsa madzi m'nyanja ya Malawi, kuti umadutsa m'nyanja ya Malombe n'kukathira mu Zambezi ku Mozambique, ndi kuti zitseko za pamlathowu, umene unamangidwa mu 1965, ndi zimene zimasunga ndi kutulutsa madzi oyendetsa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Zonsezi zili m'mabuku awo. Koma m'buku mtsinje ndi kamzere ka buluu papepala.

Chipata cha paki chili makilomita ochepa kuchokera m'tauni, kufupi ndi phiri la Chinguni. Anatilandira ndi mlonda wa gemu wachinyamata, amene anakwera nafe m'basi. Aphunzitsi anali atamupempha kuti aziyamba ndi Chingerezi chosavuta, n'kumabwereza m'Chichewa pokhapokha pavuta. Malamulo ake anali omveka: osatsika, osatulutsa mutu kapena mkono pawindo, osakuwa, osataya jumbo, osaponyera nyama chakudya. Ndinaonetsetsa momwe anawo ankamuyang'anira. Uyu sanali mzungu wa mufilimu kapena bwana wa pawailesi. Anali Mmalawi mnzawo, amene ananena yekha kuti anakulira kumudzi akuweta mbuzi, ndipo Chingerezi kwa iye chinali chida chogwirira ntchito monga momwe khasu lilili kwa mlimi. Ndi nacho amalandira alendo ochokera kutali, ndi nacho amadyetsa banja.

Tinalowa m'nkhalango ya mitengo ya tsanya. Choyamba kuoneka linali gulu la nswala, kenaka njiri zitatu zitagwada ndi miyendo yakutsogolo zikudya udzu, zomwe zitangotiona zinaliyatsa liwiro michira ili njoo m'mwamba. Ana anaseka mpaka misozi. Patsogolo pang'ono dalaivala anaimitsa basi n'kuzimitsa injini. Kumanzere kwathu, mtunda woti ungaponye mwala n'kufika, panaima njovu yaikazi ndi mwana wake. Inatambasula chitamba, kukulunga nthambi ya tsanya, n'kuithyola ngati mayi akuthyola nkhwani. Kuthyoka kwa nthambiyo kunamveka m'basi monse.

Pampando wa kutsogolo kwanga panali mtsikana wochepa thupi, amene aphunzitsi anandinong'oneza m'njira kuti chaka chonse sanamuonepo akukweza mkono m'kalasi. Ndi iyeyo amene anayamba. Anakoka chitenje cha aphunzitsi n'kunong'ona kuti, "Madam, look, it is breaking the tree." Aphunzitsi anangogwedeza mutu, osamuyamikira mokweza kuopa kumuchititsa manyazi. Patapita kamphindi mtsikanayo anatembenukira kwa mlonda uja, namufunsa m'Chingerezi chodukaduka chifukwa chimene njovuyo imakupizira makutu. Mneni anakhala posayenera, mawu ena anamusowa n'kuikapo a Chichewa, koma funso linamveka ndipo linayankhidwa: makutu a njovu ali ndi mitsempha yambiri ya magazi, ndipo ikamakupiza imaziziritsa thupi. Zitatero zinangokhala ngati wina watsekula khola la mbuzi m'mawa. Imadya zochuluka bwanji? Mwanayo ali ndi zaka zingati? Imagona choimirira? Atamva kuti njovu imakhala ndi bere miyezi 22, atsikana anayang'anana, ndipo mayi wa komiti uja anaomba m'manja akupukusa mutu.

Mphindi imeneyo ndakhala ndikuilingalira. M'kalasi mwana amafunsidwa funso limene mphunzitsi akulidziwa kale yankho, ndipo mwanayo amadziwa kuti akuyesedwa, kuti akaphonya kalasi yonse imugwera ndi phwete. M'basi muja zinatembenuka. Funso linali lake, yankho ankalifunadi, ndipo njovu ikanatha kuchoka nthawi iliyonse. Chidwi chinaposa manyazi. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma kuti mwana afunse pamafunika chomufunsitsa, ndipo bolodi ndi choko pazokha sizifunsitsa munthu.

Agogo atsokomola

Chimene sitinachikonzekere chinatipeza kudambo, m'mphepete mwa Shire, kumene kwaima migwalangwa ndipo mvuu zimangoonetsa mphuno ndi timakutu pamwamba pa madzi. Kumeneko kunali nyama zambiri zotuwa, zaubweya wanyankhalala, zokhala ndi mzere woyera wozungulira kumbuyo. Mlonda anati waterbuck, ana analemba. Aphunzitsi anafunsa mongodutsa kuti nanga m'Chichewa timati chiyani. Wina anati gwape. Wina anati mbawala. Wina anati mbuzi ya m'tchire. Tinayesa nyama ina ya nyanga zopotana ndi mizere yoyera m'nthiti, imene inaima pamthunzi, ndipo yankho linali lomwelo, gwape wamkulu. Ndinazindikira kuti kwa anawa nyama iliyonse ya nyanga imene si ng'ombe kapena mbuzi ndi gwape basi. Nanenso dzina la yoyamba ija linali litandithawa, ndipo zinandikhudza.

Agogo aja, amene chinyamukireni anali duu chipewa chili pabondo, anatsokomola. "Ana inu, uyo ndi nakodzwe. Gwape ndi kanyama kakang'ono kaja mumakaona kumunda. Iyo ya nyanga zopotanayo ndi ngoma." Ana anaseka, poganiza kuti agogo akunena ng'oma yoimba. Agogo sanakwiye. Anawauza kuti atchere khutu, natchula mawu awiriwo pang'onopang'ono: ngoma, ng'oma. Yoyambayo ndi nyama, ndipo ndi dzinanso la gule wa kwawo. Yachiwiriyo ndi ija amaiwamba pamoto asanaiombe. Aphunzitsi analemba mawu awiriwo papepala n'kulikweza kuti onse aone kankhodolero kamene kamawasiyanitsa. Phunziro la kalembedwe lotenga masiku angapo m'kalasi linatha m'mphindi ziwiri, mwini dzina akutiyang'ana ali pamthunzi.

Kuyambira pamenepo masamba a makope anagawidwa pawiri, kenaka patatu. Mlonda akati sable, agogo amati mphalapala. Akati hamerkop, agogo amati nantchengwa, n'kuloza chisa chake chachikulu ngati kankhokwe pamphanda ya mtengo. Nkhwazi italira pamwamba pa mtsinje, mutu itauponyera kumbuyo, aphunzitsi anawakumbutsa kuti ndi mbalame yomweyo imene ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu, pamene mkango ndi kambuku zagwirizira chishango. Agogo anaonjezera za Chingoni zimene anamva kwa makolo awo: njovu ndi indlovu, ng'ona ndi ingwenya, njati ndi inyathi, mbalame ndi inyoni. Anawo anadabwa kumva kuti mayina a anthu amene anawamvapo, a Ndlovu, a Ngwenya, a Nyathi, a Nyoni, ndi nyama zomwe akuzionazi. Panalinso mnyamata wina amene amayi ake ndi a ku Ulongwe wa ku Mozambique. Iye anayamba sukulu mbali imeneyo, ndipo anzake amamuseka chifukwa Chingerezi chimamuvuta. Tsikuli anapezeka kuti ndi katakwe: elefante, crocodilo, hipopótamo. Anzakewo anaona okha kuti mawu akewo ndi apachibale ndi a Chingerezi amene iwo amaluma nawo lilime. Anakhala pakati, makope a anzake atamuzungulira.

Kuti anawa aone zimene anaonazi, pali anthu amene anakhetsa thukuta. Paki ya Liwonde inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 548. Kwa zaka zambiri inali pamavuto. Misampha ya waya inali ponseponse, nyama zolusa zambiri zinatha, ndipo njovu zinkatuluka kukawononga minda ndi kupha anthu m'midzi yozungulira, moti kwa anthu a kumeneko njovu si nyama yoionera pawindo. Mu 2015 boma, kudzera ku nthambi yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, linagwirizana ndi bungwe la African Parks, limene linayamba kuyendetsa Majete mu 2003, kuti liyendetsenso Liwonde ndi Nkhotakota. Anamanga mpanda wa magetsi, anazula misampha masauzande ambirimbiri, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi Majete zinasamutsidwira ku Nkhotakota. Mu 2017 anabweretsa akakwiyo kuchokera ku South Africa, patatha zaka pafupifupi 20 asakuoneka m'Malawi. Mikango inabwera mu 2018, zipembere 17 mu 2019, mimbulu mu 2021, ndipo mu 2022 njovu zina 263 zinapita ku Kasungu. Nyama zolusa zitabwerera, miimba imene inali itasowa inayambanso kuzungulira pamwamba pa paki, poti tsopano ili ndi zotsala zoti idye.

Werenganinso mayina amenewo: kakwiyo, chipembere, mimbulu, miimba. Ndi ana angati a Sitandade 7, ngakhale a Fomu 4, amene angakulozereni eni ake? Mawu amafa chinthu chimene amatchula chikasowa pamaso. Mapiri ambiri a Ntcheu anametedwa ndi nkhwangwa za makala ndi makasu a minda, nyama zinathawa kapena kuthera mumphika, ndipo mayina ake anatsalira m'kamwa mwa okalamba ndi m'mabuku otanthauzira mawu, monga Mtanthauziramawu wa Chinyanja umene Centre for Language Studies ya University of Malawi inatulutsa mu 2000. Ana athu amaimba nthano za kalulu ndi njovu, amamva miyambi ya anyani osasekana zikundu ndi ya mwana wa ng'ona amene sakulira dziwe limodzi, koma ng'onayo sanaione. Ndinapita ku Liwonde ndikuganiza kuti chodwala ndi Chingerezi chokha. Ndinabwerako nditaona kuti Chichewa cha m'thengo, cha mitengo, mbalame ndi nyama, nachonso chili pamphasa. Amene amati mwana ataye chiyankhulo chake kuti chinacho chilowe akanakhala nawo m'basi muja. Mtsikana wa makutu a njovu uja ndi yemwenso anayamba kuloweza nakodzwe ndi mphalapala. Ziyankhulo ziwirizi sizinapondane. Zinakokana.

Masana tinatsika pamalo ololedwa kukhalapo, n'kumasula kamba: kachewere wophika, zitumbuwa, chimanga chokazinga, thobwa la m'mabotolo. Aphunzitsi anagawa anawo m'magulu a anthu asanu. Gulu lililonse lisankhe nyama imodzi, liifotokoze m'ziganizo zitatu za Chingerezi osaitchula dzina, ndipo enawo amasulire ndagiyo poitchula m'Chichewa. Gulu lina linati nyama yawo imagwada kupemphera isanadye, ndipo ikamathawa imakweza mbendera. "Njiri!" anakuwa onse pamodzi, mlonda n'kuwakumbutsa lamulo la phokoso uku akumwetulira.

Pali china chimene sindingachibise. Si kalasi yonse imene inapita. Hayala ya basi ndi ndalama zolowera, ngakhale kuti Amalawi amalipira zochepa kusiyana ndi alendo akunja, zinafuna kuti kholo lililonse lisonkhe, ndipo ana amene makolo awo analephera anatsala. Ndinawaona m'mawa uja ataima chapatali, akutibayibitsa. Otsala otere kawirikawiri ndi omwe aja amene kwawo kulibe buku, kulibe wailesi, amene ulendo ukanawapindulira koposa onse. Ndaonaponso maulendo ena a sukulu amene amangothera m'chisangalalo, nyimbo zogonthetsa m'kutu m'basi, zithunzi za pafoni, kubwerera opanda ngakhale chiganizo chimodzi m'kope. Ndalama za makolo pamenepo zimangolowa m'madzi. Chimene chinapulumutsa ulendo wathu ndi mphunzitsi amene anakhala pansi masiku angapo ulendo usanafike, kuyeseza ndi ana mawu oyambira mafunso, kukonza makope ndi kugwirizana ndi a gemu. Za kutenga munthu wamkulu wodziwa tchire zinangochitika mwamwayi, koma ndi zoyenera kumachitika mwadala.

Ngati Liwonde yatalikira thumba, ku Lizulu sikusowa kopita. Kumpoto pang'ono kuli phiri la Dedza, la mamita 2,198, ndi nkhalango ya Chongoni, kumene kuli malo 127 a zithunzi zojambulidwa pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, zoyera ndi Achewa, ndipo zambiri mwa zoyerazo zimakhudza chinamwali ndi nyau. Ukatsika Khwekhwelere umapeza Mua, kumene Kungoni Centre, imene anaiyambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, imasunga mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. M'boma la Ntcheu momwemo muli nkhalango ya Mvai ndi damu la Mpira, limene madzi ake amamwedwa mpaka ku Balaka. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947, lakhala likuthandiza makalabu a zachilengedwe m'masukulu kwa zaka zambiri. Ngakhale dambo la kuseri kwa sukulu, ndi akakowa ake, achule ake ndi mitengo yake ya mikuyu, ndi poyambira pabwino, ulendo wapansi wosalira khobidi.

Tinatuluka pachipata dzuwa litapendeka. Pokwera mtunda wa ku Ntcheu majuzi anavalidwanso, ndipo ambiri anagona mitu itatsamirana, makope ali pachifuwa. Tinafika pa Lizulu kutada, nyali za ogulitsa tchipisi zikuyaka, makolo akudikira m'mbali mwa msewu. Sabata yotsatira ndinadutsa pasukulupo. Pakhoma la kalasi panali pepala lalikulu la mizere inayi, Chichewa, Chingerezi, Chingoni ndi Chipwitikizi, pambali pake chithunzi cha njovu ya makutu aakulu kuposa thupi. Amene anapita anapatsidwa ntchito yofotokozera otsala aja, gulu ndi gulu, m'ziyankhulo zonse ziwiri za m'kalasi. Mzere wa Chichewa unali utatalika kuposa inayo, chifukwa ana anakafunsa agogo awo kunyumba n'kubwera ndi mayina ena amene ku Liwonde sitinawatchule.

Aphunzitsi aakulu, makomiti a sukulu ndi mafumu a dera la Lizulu, yambitsani thumba la ulendo teremu yoyamba ikangotsekulidwa, ndipo kholo limene lilibe ndalama mulilandire ndowa ya kachewere, kuti chaka chamawa pasapezeke mwana woima m'mbali mwa msewu akubayibitsa anzake. M'basimo musaiwale kusunga mpando wa agogo.